Amayi Uku, Ababa Uku, Hawa Pakati

Lolemba

Kamera ndaipukuta. Batire yadzaza. Ukwati wa mng'ono wanga Hawa ndi Loweruka likubwerali, ndipo wojambula ndine.

Ndanena kale pamaso pa onse kuti zithunzi za ku Mangochi kuno ine sindijambula. Ndimazidziwa. Anthu amandanda ngati timu ya mpira, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, manja m'mbali, nkhope ngati akudikira chigamulo kukhoti. Mkwatibwi ali pakati koma sakuoneka, wabisika ndi duku la munthu amene sanaitanidwe n'komwe. Kenako chithunzicho amakachipachika pabalaza mpaka mphemvu zitadya mutu wa mkwati.

Ine ndagwirapo ntchito m'situdiyo ku Joni. N'zoona kuti yanga inali yodula mapepala ndi kulowetsa zithunzi m'mafelemu, koma maso ndinali nawo. Ndaona maukwati a anthu. Chithunzi chenicheni sachita kuimira, chimamupeza munthu asakudziwa.

Zimene ndijambule ndi izi:

- Manja a Hawa atalembedwa maluwa a hina, Amayi atawagwira.
- Amayi akumumanga mpango kumutu m'mawa wa tsikulo.
- Nkhope ya Yusufu, mkwati, pamene Shehe akumufunsa ngati wavomera.
- Awiriwo akuonana koyamba ukwati utamangidwa.
- Phazi la Hawa likudutsa pakhomo pathu, ulendo wa kwa mwamuna.

Zimene sindijambula, olo andimange:

- Mzere.
- Munthu akutafuna.
- Galimoto ya maliboni.
- Perekani-perekani, makamaka aja amavina chikwama chili m'mwamba kuti tonse tichione.
- Miphika.

Zonsezi ndamuwerengera Hawa. Wamvetsera akusita nsalu, osayang'ana kuno. Nditamaliza akuti, "Zonsezo n'zabwino, Achemwali. Koma ine ndikufuna chimodzi chokha. Amayi uku, Ababa uku, ine pakati."

Mwana ameneyu amapempha zinthu ngati akupempha mchere.

Ababa anachoka pakhomo pano Hawa asanayambe sukulu, n'kukakwatira ku Katuli. Chichokereni, iwo ndi Amayi sanakhalepo pa mthunzi umodzi. Pa maliro a agogo, wina akamalowa kumaso wina amatulukira kuseri, ngati anachita kupangana. Hawa alibe chithunzi ngakhale chimodzi ali ndi makolo ake onse awiri. Amati akachiona cha anzake, amasanthula nkhope za bambowo nthawi yaitali.

Ndamuuza kuti n'zochepa zimenezo. Munthu amene anakhala ku Joni opanda mapepala sangalephere kuimika nkhalamba ziwiri pamalo amodzi.

Lachiwiri

Komiti ya ukwati yakumana pakhonde. Ali pampando ndi azakhali, mlongo wawo wa Ababa, ngakhale sindikukumbuka tsiku limene tinawasankha. Amva kuti wojambula ndine, ndiye abwera ndi malamulo:

- Azimayi a bungwe lawo la kumzikiti ajambulidwe onse, mu yunifomu, pa mzere.
- Iwowo ndisawajambule chakumanzere, kumeneko kunachoka dzino.
- Abiti Juma ndi Abiti Ali asapezeke m'chithunzi chimodzi. Nkhani yake ndi ya mbuzi imene inadya chinangwa chaka chatha.
- Miphika yonse ya mpunga ijambulidwe isanavundukulidwe, kenako itavundukulidwa, kuti akwawo kwa mkwati, a ku Nkope, asadzanene kuti tinawaphikira pang'ono.

Ndayesa kufotokoza, mwaulemu ndithu, kuti ine ndizijambula anthu mmene alili, akuseka, akulira, asakudziwa kuti kamera ilipo.

Azakhali akuti, "Ndiye uzitijambula mobisala? Ku Joni unapita kukaphunzira ukazitape?"

Khonde lonse laseka. Ngakhale Abiti Juma ndi Abiti Ali asekera pamodzi, koyamba chichitikireni za mbuzi.

Anthu awa ukawapatsa galasi amayamba akonza milomo asanadzione. Sadziwa nkhope zawo zenizeni, ndipo safuna kuzidziwa.

Masana ndapeza Amayi kuseri akupeta mpunga. Ndayamba ndi kutamanda mpungawo. Ndadzera ku nyengo, kuti chaka chino kwatentha. Kenako ndafika pa nkhani ya chithunzi cha Hawa.

Amayi sanadzutse mutu. Akuti, "Ukafuna chithunzi cha bambo ako, jambula chitseko icho. Ndi chimene anatulukira."

Ndati n'chifukwa cha Hawa, si chifukwa cha Ababa. Akuti Hawa anamulera okha, ndiye m'chithunzi akhozanso kuima okha, miyendo ikadali yolimba.

Ndaimbira Ababa. Ku Katuli foni imagwira munthu akakwera pachulu, ndiye ndadikira kuti akwere. Ndikuwamva akupuma mwabefu. Ndafotokoza zonse. Yankho lawo: "Insha Allah, mama."

Insha Allah ya Ababa ndimaidziwa. Ndi yomwe ananena atalonjeza kudzandiperekeza pa depoti tsiku limene ndinkanyamuka ulendo wa ku Joni. Basi inanyamuka ndikuyang'anabe pawindo.

Lachitatu

M'mawa ndadzera kumzikiti kukaona pamene kuwala kumalowera. Windo la kum'mawa ndi labwino kwambiri, likugwetsa dzuwa pamalo enieni pamene Yusufu adzakhale. Ndafunsa a Shehe pamene ine ndidzaime.

Andilozera kuseri kwa nsalu, kwa azimayi.

Ndati ndikufuna nkhope ya mkwati pamene akuvomera. A Shehe amwetulira, akuti, "Mwana wanga, udzaimva m'mawu."

Kamera ya makutu sanaipange. Nkhope ya Yusufu ndaifufuta pa ndandanda.

Kenako ulendo wa ku Nkope, kuti mkwati azolowere kamera. Minibasi yodzaza, dengu la usipa pamiyendo panga, mwini wake ali mpando wa kutsogolo akudya chimanga.

Yusufu ndi munthu wabwino. Amagula nsomba n'kumakagulitsa ku Limbe, amaseka tsiku lonse, ana a m'mudzi amamutsatira. Ndamupeza pa thandala loyanikira nsomba akuseka mpaka kugwira m'mimba. Ndangotulutsa kamera, munthu wasanduka mtengo wa magetsi.

Ndati, "Alamu, ingokhalani mmene mumakhalira."

Akuti, "Ndimakhala bwanji?" Kenako watukula chifuwa, manja waika kumbuyo, maso watong'ola ngati akujambulitsa chiphaso.

Ndamuuza kuti aganize za Hawa. Nkhope yafika poipa kwambiri, ngati wakumbukira maliro.

Amalume ake a mkwati, Che Bwanali, amva kuti kwabwera wojambula. Atulutsa injini yawo ya boti, yatsopano, ndipo aitsuka kale ndi sopo. Ndawajambula ataigwira. Ndawajambula ataikumbatira. Ndawajambula akuiloza. Kenako akuti ndijambule injiniyo payokha, "kuti ioneke bwino popanda chosokoneza". Ndi akuluakulu a kuchimuna, sindikanakana.

Choipitsitsa ndachimva pomaliza. A ku Nkope alemba ganyu wa vidiyo wochokera ku Monkey Bay. Ndakumana naye. Wavala chijekete chopanda manja cha matumba ambirimbiri, ndipo ndikukhulupirira kuti m'matumba onsewo muli mtedza. Ali ndi kandege kojambulira m'mwamba, akukanyamula ngati khanda. Wayang'ana kamera yanga n'kunena kuti, "Sisi, inu muzingotola tam'mbalim'mbali, zikuluzikulu mundisiyire."

Sisi! Munthu woti vidiyo zake amaikamo mitima youluka ndi nkhunda.

Ndabwerera ndikununkha usipa. M'kamera muli injini.

Lachinayi

Tsiku la hina. Lero ndiye langa, chifukwa m'chipinda cha azimayi wa matumba uja salowamo.

Mayi wolemba hina wafika dzuwa lisanakwere. Chipinda chadzaza, azimayi akuimba, ena akuomba m'manja. Hawa wakhala pamkeka pafupi ndi windo. Kuwala kukugwera pamanja ake penipeni, maluwa akukwera kuchokera ku zala mpaka m'mikono. Ku Joni kuwala kotere amachita kukupanga ndi nyale zodula. Ndakhala pakona, kamera pamaso, ndikungodikira Amayi.

Amayi ali kuseri, akukazinga mandasi.

Ndadikira. Ndatumiza uthenga. Akuti mafuta akatentha sadikira munthu.

Pamenepo azakhali aona manja anga. Akuti, "Mkulu wake wa mkwatibwi manja ali mbee ngati wamasiye? A ku Nkope adzati chiyani?" Ndati ndili pa ntchito. Akuti ntchito ya mkulu wa mkwatibwi ndi kuoneka bwino. Asuweni awiri andigwira uku ndi uku, kamera aichotsa m'khosi n'kuiika pamwamba pa kabati. Manja onse awiri alembedwa mpaka m'mikono. Lamulo: osagwira kanthu mpaka hinayo iume.

Nthawi yomweyo Amayi alowa.

Apukuta manja pa chitenje, agwada pamaso pa Hawa, amugwira mikono chapansi kuti asafufute maluwa. Ayamba kuuzira manjawo pang'onopang'ono, ngati mmene ankauzirira phala tili ana. Akulankhula motsitsa m'Chiyao, ine ndangomva "mwanangu". Hawa misozi ikutsika, sangaipukute, Amayi akuipukuta ndi nsonga ya mpango wawo. Nyimbo yasiya yokha.

Ine ndili pakona, manja m'mwamba ngati wakuba wogwidwa pamsika.

Ndanong'oneza msuweni kuti atenge kamera adine batani lalikulu. Wadina. Chatuluka ndi denga, ndi khutu la azakhali.

Hina itauma ndathamangira kuseri kukapempha Amayi kuti abwereze. Akuti, "Ndibwereze chiyani? Ndimauzira kuti iume msanga, mwana amafuna kupita kuchimbudzi."

Ndafufutanso china pa ndandanda. Manja anga akongola, zimenezo sindikana. Koma andilembera duwa lalikulu pachala chodinira.

Lachisanu

Ababa afika Swala ya Ijumaa, pemphero la Lachisanu, itatha, pa njinga zamoto ziwiri. Ya kutsogolo Ababa. Ya kumbuyo mayi uja wa ku Katuli.

Wavala nsalu ya ukwati, yomwe tasoketsa ife a pabanja. Amene anamutumizira ndi azakhali, ndipo akuti sakuonapo vuto, nsalu ilibe dzina. Amayi aona pawindo, alowa kuchipinda, atulutsa diresi lawo la nsalu yomweyo n'kulipereka kwa mayi wobwera kudzatsuka mbale. Mawa avala china.

Ababa ndinakonzeka kuwalandira ndi nkhope youma. Ndaiyeserera pagalasi. Koma atsika panjinga mochita kugwiriridwa, ndipo mkanjo ukulendewera ngati waupachika pamsomali. Ndevu zonse zayera. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Wakula, mama." Ine ndinakula kalekale, iwo kunalibe.

Apempha kuona kamera. Aigwira ndi manja awiri, mozondoka. Akuti, "Ndiye iyi ndi ya ku Joni." Sindinawauze kuti aizondotsa.

Afikira kwa azakhali, nyumba yoyandikana nafe. Masana onse ndakhala ndikuyenda pakati pa nyumba ziwirizi ngati nkhoswe:

- Ababa akuti avomera, koma akazi awo akhalemo m'chithunzicho, chifukwa ndi amene akuwadwazika.
- Amayi akuti mayi ameneyo akakhalamo, iwo akakhala ali kubafa.
- Ababa akuti chabwino, akazi awo aima chapatali.
- Amayi akufunsa kuti patali pake pati. Akuti iwo patali pamene akupadziwa ndi ku Katuli.

Mayi wa ku Katuliyo sakulowererapo. Ndi wamfupi, wolankhula motsitsa, wandipatsa moni atagwada ngakhale ndine mwana. Potuluka wanditsatira mpaka pampanda, akuti, "Bambo anu ali ndi matenda a shuga. Mawa asachedwe kudya." Ndamuyankha kuti ine ndine wa kamera, za kukhitchini afunse eni khitchini. Akudziwa bwino eni khitchini ndi ndani.

Madzulo ndapeza nzeru. Ndijambula Amayi ndi Hawa paokha, Ababa ndi Hawa paokha, kenako ndilumikiza pa kompyuta. Palibe adzadziwe. Ku Joni tinkaika ngakhale anthu omwalira m'zithunzi za ukwati, atavala suti.

Hawa wakana. Akuti, "Zolumikiza ndakula nazo, Achemwali. Idi ino kuno, Idi inayo ku Katuli. Ndikufuna chenicheni." Kenako akuti, "Mwawaona Ababa mmene alili? Ukwati wina woti adzafikenso palibe. Pokhapokha wanu."

Mawu omalizawo sanali ofunika.

Loweruka

M'mawa. Mpango wa Hawa wamangidwa ndi mtsikana wa kusaluni, ndi mapini odzaza mkamwa. Amayi nthawi imeneyo ali panja akukangana ndi obweretsa nkhuni, akuti n'zaziwisi. Ndafufuta.

Kumzikiti. Ndili kuseri kwa nsalu. Ndapeza kampata m'mphepete, ndalowetsa diso la kamera. Gogo wina wandikoka chitenje mpaka ndakhala pansi. Yusufu wavomera mokweza kwambiri, moti azibambo aseka. Zikuoneka kuti nkhope yake inali yabwino. Ine ndajambula nsalu. Ndi yobiriwira.

Kunyumba, kuonana koyamba. Hawa wakhala pabalaza, maso pansi. Yusufu akulowa, waiwala kuti kuli makamera, akumwetulira ngati mmene amachitira pa thandala. Hawa akudzutsa maso. Ndadina. Chatuluka ndi msana wa wa vidiyo, matumba onse akuoneka bwinobwino. Kenako iye akuti, "Bwererani, sindinayatse." Abwereza. Abwerezanso. Pomaliza Yusufu wasanduka mtengo uja, Hawa akuyasamula.

Masana, pansi pa tenti. Kutentha kwake ngati tili mu uvuni. Ndajambula miphika isanavundukulidwe. Ndajambula itavundukulidwa. Ndajambula galimoto ya maliboni, chifukwa mwini wake anaima patsogolo panga osasuntha. Perekani-perekani ndajambula yense, munthu aliyense akamaliza kuvina akubwera kudzaona ngati chikwama chatuluka.

Kandege kauluka. Kathira fumbi mumpunga wa alendo olemekezeka, kazungulira tenti, kenako kakodwa mumtengo wa mango. Mwini wake wavula nsapato n'kukwera. Ichi ndajambula ndi mtima wonse.

Ababa tsiku lonse akhala pampando kumapeto kwa tenti, chisoti chili bwinobwino, akumwetulira aliyense wodutsa. Amayi ali mbali inayo, mu diresi la buluu, akuyang'ana kulikonse kupatula kumeneko. Hawa akundiyang'ana ine. Ine ndikuyang'ana m'kamera.

Chakumadzulo. Ndandandalika azimayi a bungwe la azakhali, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo. Inde, ine. Ndikuti "musaphethire", ndikumva Hawa akukuwa, "Ababa!"

Agwa kuseri kwa tenti, pafupi ndi mgolo wa madzi. Amapita kukasamba m'manja kuti akaswali. Kamera ndaiponya pamiyendo pa azakhali, ndathamanga. Ababa ali gada, thukuta thupi lonse, milomo yayera. Wina akuti avuleni nsapato, ndawavula. Mayi wa ku Katuli akuti chiyambire m'mawa sanadye kanthu. Mbale sizinafike kumene anakhala, iye amaopa kulowa m'khitchini mwa eni ake, ndipo Ababa anamuletsa kupempha.

Ndakumbukira za dzulo pampanda.

Anthu apatuka. Amayi akubwera ndi kapu ya thobwa, akuthiramo shuga akuyenda. Agwada m'fumbi ndi diresi la buluu lija, adzutsa mutu wa Ababa, awaika kapu pakamwa. Akuti, "Imwani. Munthu wamkulu ngati inu, kukhala ndi njala paukwati wa mwana wanu? Mukufuna anthu anene kuti ndakuphani ine?"

Ababa amwa. Atsegula maso. Akuti, "Shuga wachuluka, Abiti Musa."

Amayi akuti, "Mpaka lero simunasiye kudandaula."

Hawa wagwada pakati pawo ndi diresi lake loyera, dzanja lina paphewa la Amayi, lina lagwira ndevu za Ababa, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Amayi atola chisoti cha Ababa, achikuntha fumbi, awaveka mokhotakhota.

Kamera ili pamiyendo pa azakhali, kutsidya kwa tenti. Wa vidiyo ali mumtengo.

Sizinatenge nthawi. Ababa atakhala tsonga, Amayi adzuka, apereka kapu kwa mayi wa ku Katuli osamuyang'ana, akuti, "Mpunga uli m'khitchini, kawatengereni." Abwerera kumpando wawo.

Potsazika, Hawa akutuluka pakhomo. Ichi chokha ndati sindichiphonya. Ndagona chafufumimba pakhonde, kamera yaloza pachiwundo. Anthu akukankhana kumbuyo kwake. Phazi ladutsa, ndadina. Ndi la azakhali.

Lamulungu

Tenti aphwasula. Pabwalo patsala mafupa ndi maliboni. Hawa ali ku Nkope.

Ndakhala pakhonde kuona zimene zili m'kamera:

- Mizere, yambiri, yowongoka bwino.
- Miphika.
- Anthu akutafuna.
- Injini.
- Abiti Juma ndi Abiti Ali m'chithunzi chimodzi, akulimbirana ntchafu ya nkhuku.
- Munthu ali mumtengo wa mango.

Azakhali aona zonse, akuti ndine katswiri, ku Joni sindinapite pachabe. Andilonjeza maukwati ena awiri a kubungwe kwawo. Akuti aliyense akufuna mzere ngati umenewu.

Ababa ali bwino, adya kawiri dzuwa lisanafike pamutu. Njinga zobwerera ku Katuli zikudikira pamsewu. Mayi uja wabwera pakhonde, wagwada, watulutsa foni yokulunga pa nsonga ya chitenje. Galasi lake ndi losweka. Akuti, "Dzulo ndimafuna kuimbira wa njinga kuti tithamangire kuchipatala. Nditaona kuti atsegula maso, ndinadina apa. Ngati n'zolakwika mufufute nokha."

Ndayang'ana.

Ngati chithunzi, n'choipa. Chapendekeka. Dzuwa lili kumbuyo kwa anthu, zimene ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti sachita. Pakona pali chala cha wojambula. Mgolo wa madzi watenga malo aakulu kuposa mkwatibwi. Ababa thobwa lili m'ndevu, Amayi pakamwa pali pululu chifukwa akukalipa, Hawa zopakapaka zatsikira m'masaya.

Koma onse atatu alimo, ndipo palibe akuyang'ana kamera. Kumbuyo kwawo kwaima mkazi wina wa maluwa m'manja, nkhope yokwinyika ngati mwana wotayika pamsika, wakumbatira nsapato za bambo ake. Ndinatenga nthawi kuti ndimuzindikire.

Kuti anditumizire, pamafunika ndisunge nambala yawo. Foni yafunsa dzina. Zaka zonsezi pakhomo pano timangoti "mayi uja". Ndachita kufunsa. Ndi a Mariamu.

Ndatumiza kwa Hawa. Wayankha ndi uthenga wa mawu, koma mulibe mawu, muli kufwenthera kokhakokha, ndi Yusufu chapatali akufunsa ngati kwagwa zovuta.

Amayi ndawaonetsa chithunzicho njinga zitapita. Apukuta manja, atenga foni, aitalikitsa, aiyandikitsa. Ayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndimayembekezera. Akuti, "Mpango wanga wakhota." Abweza foni, atola tsache. Ali pakhomo akuti, "Ukatsukitse ziwiri."

Sindinafunse kuti chinacho n'cha yani.

Kamera ndaibweza m'chikwama. Mawa ndipita kokatsukitsa, zazikulu, za m'felemu. Wotsukayo amandidziwa, ndinamuuza kale maganizo anga pa zithunzi za ku Mangochi, ndiye akaona chala chili pakonacho adzandiyang'ana. Ndikamuuza zoona, kuti wojambula si ine. Ine ndi uyo wagwira nsapatoyo.